PSA si mayeso a Grade 12, atate asaikonzekele

Ambili a ife tinamvapo nkhani iyi pa nyumba. Amai akhala akukamba kwa miyezi kuti atate apite akapimitse prostate, cifukwa usiku amauka katatu kapena kanai kukakodza, ndipo akalowa mu toileti amakhalitsa. Tsiku lina atate avomela, koma aika lamulo lao. Akuti, "Nizapita, koma niyambe nasiya mowa mawiki awili kuti magazi ayele." Mawiki awili asanathe kwabwela ukwati wa mwana wa anzao. Pambuyo pake kwagwa malilo kumudzi, kenako mpila wa Chipolopolo. Kuwelenga masiku kumayambilanso pa ciyambi, ndipo caka cimatha magazi asanatengedwe.

Pa gulupu ya banja ya WhatsApp nako kumakhala madokotala ambili. Wina akuti adye matimati ambili kwa wiki yathunthu. Wina akuti amwe madzi a mandimu ndi galiki m'mawa ulionse. Wina akuti asiye michopo, wina akuti apite ku cipatala asanadye kalikonse. Pothela pake foni imalila kwa ife, cifukwa ndife tili ndi ma bundles. "Iwe, fufuzako pa intaneti. Mowa umasokoneza ma results a prostate?"

Yankho lathu ndi ili. Botolo la Mosi limene atate anamwa dzulo, kapena nsima ya T-bone imene anadya masana, sizisintha nambala ya PSA m'njila imene ingapangitse dokotala kuganiza zina. Zimene zimaisunthadi ndi zinthu zina, ndipo zambili mwa izo sitizikamba pa nyumba cifukwa ca manyazi. Ndipo mwamuna amene asakila njila yotsitsila nambala asanapite ku cipatala akudzinamiza yekha, cifukwa nambala yabwino pa pepala sicotsa matenda m'thupi.

Tiyambe ndi cimene amapima. Prostate ndi kaciwalo kang'ono ngati kandimu, kamene kali pansi pa cikhodzodzo ca mwamuna. Njila ya mkodzo imapita pakati pake, n'cifukwa cake ikakula mkodzo umavuta kutuluka. Nchito yake ndi kupanga madzi ena a mu umuna, ndipo m'madzi amenewo muli puloteni yochedwa PSA, imene imasungunula umuna. PSA yocepa imalowa m'magazi a mwamuna aliyense, olo amene ali bwinobwino. Prostate ikakula, ikatupa, ikavulala kapena ikagwidwa ndi khansa, PSA yolowa m'magazi imaculuka. Ku labu amaiwelenga m'ma nanogram pa mililita imodzi ya magazi. Kwa zaka zambili madokotala akhala akuona 4.0 monga malile, koma ena amayang'ananso zaka za munthu. Ku Britain, mwacitsanzo, mwamuna wa zaka 50 mpaka 59 amene ali ndi zizindikilo amamutumiza kwa akatswili nambala ikapitilila 3.5, pamene wa zaka 60 mpaka 69 malile ake ndi 4.5.

Onani kuti PSA imacokela mu prostate. Sicokela mu mbale ya ndiwo. Apa m'pamene ambili timasokonezeka, cifukwa tinazolowela kupimitsa shuga. Shuga ya m'magazi imakwela munthu akangodya, ndiye anesi amatiuza kuti tibwele tisanadye. PSA siyenda motelo. Thupi limatenga masiku awili kapena atatu kuti licotse hafu ya PSA imene ili m'magazi, ndipo prostate ipitiliza kupanga ina tsiku ndi tsiku. Cakudya ca usiku umodzi cilibe mphamvu pa zimenezi. Malangizo a NHS, bungwe la zaumoyo la ku Britain, amakamba poyela kuti munthu angadye ndi kumwa monga mwa masiku onse asanapimitse PSA. Ngati dokotala afuna kupima shuga pa magazi omwewo, iye ndiye adzakamba za kusadya, ndipo cifukwa cake cidzakhala shuga.

Manje za mowa. Pa mndandanda wa zinthu zimene NHS imauza mwamuna kupewa asanapimitse PSA, mowa palibe. Akatswili amene anayelekezela amuna akumwa ndi osamwa sanapeze cinthu cimodzi. Ena sanaone kusiyana, ena anaona kuti amene amamwa kwambili ali ndi PSA yotsikilako pang'ono. Izi zikuonetsa kuti mantha a atate ali ku mbali yolakwika. Iwo aopa kuti mowa udzakweza nambala ndi kuwaopseza pacabe, pamene ngati mowa ucitako kanthu, ndiye kutsitsa. Munthu amene wamwa kwa zaka zambili mpaka ciwindi kuonongeka amakhala ndi testosterone yocepa, ndipo prostate imadalila testosterone kuti ipange PSA. Mwa munthu wotelo nambala ingaoneke yabwino pamene prostate siili bwino. Mawiki awili osamwa sangakonze ciwindi cimene caonongeka kwa zaka 20. Cimene cingathandize ndi kuuza dokotala zoona za mmene amamwela.

Pali njila imodzi imene mowa ungakwezele nambala, koma ndi yozungulila. Mwamuna amene prostate yake inakula kale akamwa kwambili usiku umodzi, cikhodzodzo cimadzala msanga ndipo mkodzo ungatsekeke. Amamuthamangitsila ku cipatala pakati pa usiku, amamuika kapaipi kotulutsila mkodzo. Kutsekeka kwa mkodzo kumakweza PSA, ndipo magazi otengedwa masiku amenewo angapeleke nambala yoopsa. Apa colakwa ndi nthawi imene magazi atengedwa. Dokotala akadziwa zimene zinacitika amayembekeza mawiki angapo, ndiye n'kupima.

Tisamveke ngati tikuikila kumbuyo mowa. Bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa WHO, linaika zakumwa zoledzeletsa pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988. Mowa umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kum'melo, ya ciwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawele. Pa khansa ya prostate umboni sunagwilizane, koma kafukufuku wina waukulu wa ku America, amene zotulukapo zake zinafalitsidwa mu 2009, anapeza kuti amuna omwa mabotolo anai kapena kuposa pa tsiku, masiku asanu kapena kuposa pa wiki, anapezeka ndi khansa ya prostate yamtundu woopsa kuwilikiza kawili poyelekezela ndi anzao. Dziko lathu linaletsa tujilijili mu 2012 cifukwa ca mmene tinali kuonongela anthu. Atate akafuna kusiya mowa tiwalimbikitse ndi mtima wonse. Koma asiye cifukwa ca ciwindi, BP ndi ndalama za pa nyumba, ndipo kusiyako kusakhale cifukwa cocedwela ku cipatala.

Nkhani ya zakudya ili cimodzimodzi. Matimati ali ndi cinthu cochedwa lycopene, cimene akatswili akhala akucifufuza kwa zaka zambili, ndipo mpaka lelo palibe umboni wolimba wakuti cimateteza ku khansa ya prostate. Mu 2020 kunatuluka zotulukapo za kafukufuku wochedwa MEAL wa ku America. Anatenga amuna amene anali ndi khansa ya prostate yongoyamba, ena n'kuwalimbikitsa kudya ndiwo zamasamba zambili kwa zaka ziwili. Anadyadi masamba ambili, koma matenda ao anayenda mofanana ndi a anzao. Ngati zaka ziwili za masamba sizinasinthe zinthu, wiki imodzi ya matimati isanafike Mande siingacite kanthu.

Mavitamini a m'mabotolo nao anayesedwa. Kafukufuku wochedwa SELECT anatenga amuna opitilila 35,000 kuti aone ngati selenium ndi vitamin E zingateteze ku khansa ya prostate. Mu 2011 anapeza kuti amene anali kumwa vitamin E yekha anapezeka ndi khansayi kwambili kuposa anzao, ndi 17 pelesenti. Cinthu cimene anthu anali kugula kuti adziteteze cinaonjezela ngozi. Cibwabwa, kalembula, repu, nyemba, kapenta ndi ndiwo zotendela ndi zakudya zabwino, ndipo atate azidye cifukwa zimathandiza mtima, shuga ndi kulemela kwa thupi. Kuzisandutsa mankhwala okonzela ma results ndi kuzipatsa nchito imene sizingagwile.

Pali mbali imodzi imene kadyedwe kamafikadi pa nambala, ndipo ndi kunenepa. Munthu wonenepa kwambili amakhala ndi magazi ambili m'thupi, ndiye PSA yomweyo imasungunuka m'magazi oculuka, monga supuni imodzi ya shuga mu kapu yaikulu ya tiyi. Nambala imaoneka yotsika kuposa mmene prostate ilili. Amdala amene ali ndi mimba yaikulu ya mowa ndi michopo angalandile nambala yowakhazika mtima pansi pamene ikanafunika kuyang'anidwa kawili. Izi zimabwela ndi kadyedwe ka zaka zambili, ndipo dokotala amaziona ndi maso munthu akangolowa.

Nanga zimene zimakwezadi nambala n'ziti? Coyamba ndi zaka. Prostate ya amuna ambili imakula akamakalamba, ndipo kukula kumeneku si khansa. Caciwili ndi matenda a m'njila ya mkodzo kapena kutupa kwa prostate, kuphatikizapo kumene kumabwela ndi matenda opatsilana pogonana. Munthu amene amamva kuocha pokodza, kapena amene anadwala matenda a mkodzo posacedwa, afunika kucila coyamba ndi kuyembekeza pafupifupi mawiki 6 asanapimitse. Cacitatu ndi kutulutsa umuna. Malangizo amati mwamuna asagonane kapena kutulutsa umuna kwa maola 48 asanatengedwe magazi. Cacinai ndi masewela olimbitsa thupi amphamvu, makamaka kupalasa njinga mtunda wautali, nako kwa maola 48. Ici cikukhudza ambili kwathu. Ku Chipata njinga ndiyo basi, ndipo mwamuna wa zaka 55 angapalase makilomita ambili m'mawa kuti akafike ku cipatala kumene akapimitse. Cina ndi kupimidwa kwa mkati mwa cikhodzodzo kapena kucotsedwa kanyama ka prostate, zimene zimafuna kuyembekeza mawiki 6.

Zotsitsa nambala ndizo zoopsa kwambili, cifukwa palibe amene amadandaula akalandila nambala yotsika. Mankhwala a finasteride ndi dutasteride, amene amapatsidwa kwa amuna amene prostate yao inakula, amatsitsa PSA ndi hafu munthu akawamwa kwa miyezi 6 mpaka caka. Dokotala akadziwa amawilikiza nambala kawili. Pepala likaonetsa 2.5, iye amaiwelenga ngati 5. Akapanda kudziwa amauza munthu kuti zonse zili bwino. Finasteride yomweyo, pa mlingo wocepa, ndiyo imene anyamata ena amamwa poopa dazi, ndipo nayo imatsitsa PSA. Tamsulosin, mankhwala ena ofala othandiza kukodza, sasintha nambala. Munthu wamba sangasiyanitse maina awa pamtima, n'cifukwa cake kunyamula mapaketi onse kupita nao ku cipatala n'kofunika.

Palinso biotin, vitamini imene ili m'mapilisi ambili a tsitsi, khungu ndi zikhadabo. Mu 2017 bungwe la FDA la ku America linacenjeza kuti biotin yambili ingasokoneze makina ena a mu labu, ndipo pa makina otelo PSA ingaoneke yotsika kuposa mmene ilili. Ndiye pali mankhwala a zitsamba. Ku America kunali mankhwala ochedwa PC-SPES, ogulitsidwa monga zitsamba za prostate, amene anali kutsitsadi PSA. Mu 2002 anacotsedwa pa msika atapezeka kuti munali mankhwala amphamvu a ku cipatala amene sanalembedwe pa botolo. Tikaganiza za mabotolo amene amagulitsidwa m'mabasi, pa ma station ndi pa Facebook, olonjeza kusungunula prostate kapena kubweza mphamvu za ku cipinda, tifunse funso limodzi. Ndani anapima zimene zili mkati? Enanso amagula ma antibiotic okha kuti atsitse nambala asanapimitsenso. Ngati palibe matenda amene dokotala wapeza, mapilisi amenewo amangotaya nthawi.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyelele. PSA yokha ili kale ndi malile ake olo munthu asaisokoneze. Mwa amuna anai amene nambala yao yakwela, pafupifupi atatu sapezeka ndi khansa. Kumbali ina, kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anacotsa tunyama twa prostate mwa amuna 2,950 amene PSA yao sinapitilile 4.0, ndipo 15 pelesenti anapezeka ndi khansa. Nambala yokwela siitanthauza imfa, ndipo yotsika siitanthauza kuti nkhani yatha. Dokotala amaiphatikiza ndi zaka, mbili ya banja, zizindikilo, kupima ndi cala, ndi mmene nambala ikusinthila caka ndi caka. Kusintha kumeneku n'kofunika kwambili. Mwamuna amene caka catha anali pa 1.5 ndipo caka cino ali pa 3.5 afunika kuyang'anidwa, olo manambala onse awili ali pansi pa 4. Akasokoneza nambala imodzi ndi mapilisi obisa, dokotala sangaone kukwela kumeneku.

Wina angatitsutse kuti, kodi pali vuto lanji ngati amdala asiya mowa mawiki awili ndi kudya masamba? Si zabwino zimenezo? N'zabwino, ndipo pa thupi palibe cimene cionongeka. Vuto lili m'maganizo amene amabwela nazo. Munthu akakhulupilila kuti nambala imamvela zimene wadya, nambala ikakwela amati ni michopo ya pa Ciwelu, ndipo m'malo mobwelela kwa dokotala amapita kukagula mandimu. Ikatsika amati madzi a galiki agwila nchito, ndipo amauza anzake ku bala kuti asavutike ndi cipatala. Vuto lina ndi lija tayamba nalo, la kuyembekeza tsiku limene thupi lidzakhala loyela. Tsiku limenelo silifika. Khansa ya prostate ikamayamba nthawi zambili siwawa ndipo siionetsa cizindikilo. Pamene msana ndi mafupa ayamba kuwawa, nthawi zambili imakhala itafalikila.

Kutsutsa kwina n'kwamphamvu, ndipo tisakubise. Madokotala eni ake amakangana ngati mwamuna aliyense afunika kupimitsa PSA. Makhansa ena a prostate amakula pang'onopang'ono kwambili cakuti munthu angakalambe ndi kumwalila ndi matenda ena osavutika nao. Kuwapeza kungacititse munthu kulandila opaleshoni kapena cithandizo cimene cimasiya mavuto a kusagwila mkodzo ndi kucepa mphamvu za ku cipinda. N'cifukwa cake mu 2018 gulu la akatswili lolangiza za kupewa matenda ku America linati amuna a zaka 55 mpaka 69 azisankha okha atakambilana ndi dokotala, ndipo Britain ilibe pulogilamu yoitana mwamuna aliyense kukapimitsa. Timavomeleza kuti kupimitsa ndi cosankha ca munthu, ndipo afunika kuuzidwa ubwino ndi kuipa kwake.

Koma mkangano umenewo unayambila m'maiko mmene amuna ambili anali kupimidwa kale. Kwathu kuno vuto lofala ndi kufika mocedwa. Khansa ya prostate ili pakati pa makhansa opezeka kwambili mwa amuna m'Zambia, ndipo imagwila kwambili amuna akuda. Bungwe la Prostate Cancer UK limati mwamuna wakuda mmodzi mwa anai ku Britain adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene kwa amuna onse pamodzi ndi mmodzi mwa 8, ndipo limalangiza amuna akuda kuyamba kukambilana ndi dokotala pa zaka 45. Amene atate ake kapena m'bale wake anadwalapo ali pa ngozi yokulilapo. Mu 2024 akatswili osonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet anati odwala atsopano pa dziko lonse adzakwela kucoka pa 1.4 miliyoni pa caka mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo kukwela kwakukulu kudzakhala m'maiko osauka ndi apakati. Cancer Diseases Hospital ku Lusaka inatsegulidwa mu 2007, koma cipatala cimathandiza bwino munthu amene wafika nthawi ikalipo. Ndipo mwamuna amene ali kale ndi zizindikilo, monga kuvutika pokodza kapena magazi mu mkodzo, mkangano wa akatswiliwu sumukhudza. Iye afunika kuonana ndi dokotala manje.

Anthu amene timawadziwa anadutsamo. Desmond Tutu anapezeka ndi khansa ya prostate mu 1997, analandila cithandizo, anakamba za matenda ake poyela, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2021 ali ndi zaka 90. Nelson Mandela analandila cithandizo ca matenda omwewa mu 2001 ndipo anakhala zaka zina 12. Hugh Masekela analimbana nayo kwa zaka zambili mpaka inamutenga mu January 2018. Matendawa sayang'ana ulemu wa munthu, ndipo kuwachula dzina sikucotsa ulemu wa atate athu.

Ndiye ife ticite ciani? Ambili a ife tili ndi zaka 20 kapena 30, ndipo PSA siili pa mndandanda wathu pakali pano. Koma ndife timatumiza ndalama ya transport pa foni, ndife timakhala pa mzele ku cipatala, ndife timawelenga pepala la ku labu ndi kulimasulila. Mphamvu imeneyi tiigwilitsile nchito bwino. Tisankhe tsiku limodzi ndi atate, ndipo tsikulo lisasinthe cifukwa ca ukwati kapena bala. Tisonkhanitse mankhwala onse amene amamwa, a ku cipatala, a ku famasi, a m'basi ndi a kwa sing'anga, tiike mu pulasitiki imodzi, apite nao. Ngati cipatala cili kutali, tiwalipilile basi kuti njinga ikhale pa nyumba masiku awili amenewo. Pa gulupu ya banja, wina akatumiza vidiyo ya madzi a mandimu, tiyankhe mwaulemu kuti mandimu ndi abwino mu tiyi koma tsiku la ku cipatala likhale lomwelo.

Pali cinthu cimodzi cimene mwana sangakambe kwa atate ake pa mwambo wathu, ndipo ndi nkhani ya maola 48 ija ya ku cipinda. Tisadzikakamize. Amalume alipo, ambuye alipo, mnzao wa atate wa ku chalichi kapena wa ku nchito alipo. Tingapemphe anesi kuti awafotokozele pamene tikukonza tsiku, kapena tingawatumizile malangizo olembedwa kuti aziwelengele okha. Ndipo pa tsikulo, dokotala akayamba kufunsa za mowa, za mkodzo ndi za ku cipinda, ife titulukeko panja. Mwamuna wamkulu sangavomele pamaso pa mwana wake kuti amamwa mabotolo 6 pa tsiku kapena kuti anagula mankhwala a mphamvu pa station. Tikatuluka timawapatsa mpata wokamba zoona, ndipo zoonazo ndizo zimapangitsa nambala kukhala ndi tanthauzo.

Zotulukapo zikabwela, nchito yathu sinathe. Nambala ikakwela, tisathamangile kulengeza khansa pa gulupu ya banja. Nthawi zambili dokotala amabwelezanso kupima pakapita mawiki angapo, ndipo mwa amuna ena nambala imatsika yokha. Angapimenso ndi cala kudzela kumbuyo, cinthu cimene amdala ambili amaciopa kuposa matenda enieni, koma cimatenga nthawi yosakwana miniti imodzi. Pambuyo pake kungabwele sikani kapena kucotsa kanyama, ndipo kanyamako ndiko kamatsimikizila ngati ndi khansa. Nambala ikatsika, tifunse dokotala kuti adzabwelenso liti, ndipo pepalalo tilijambule pa foni kuti caka camawa pakhale poyelekezela. Mapepala a ku labu amasowa m'nyumba zathu, koma cithunzi ca pa foni cimakhala.

Tinakula tikuuzidwa kuti mayeso amafuna kukonzekela, ndipo atate athu ndiwo anali kutikalipila tikapanda kuwelenga. N'cifukwa cake maganizo akuti ayambe ayeletsa magazi amamveka anzelu kwa iwo. Koma pa Grade 12 munthu amafuna kuonetsa zabwino zake, pamene ku labu afunika kuonetsa thupi lake mmene lilili pa tsiku wamba, ndi mowa wake, mimba yake ndi mapilisi ake. Atate akadzakambanso za mawiki awili osamwa, tiwayankhe mwaulemu kuti, "Atate, kusiya mowa n'kwabwino, yambani lelo. Koma ku cipatala tipita pa Mande, ndipo ya basi natumiza kale."